Mukufuna kugulitsa mtedza kunja? Yambirani apa musanalote za kontena

Anzanga a m'makopaletivi, ndi inu amene mumagula mbewu kumidzi nkumaunjika, pali funso limodzi limene anthu amandifunsa pafupipafupi, loti kodi munthu wamba angagulitse bwanji katundu wake kunja, poti pawailesi amangoti tiyeni tigulitse kunja forex ibwere koma khomo lake satiuza kuti lili pati. Ndiye ndati ndilembe zimene ndikudziwa. Nditenga mtedza chifukwa ndi umene ndaugwira ndi manja angawa kwa zaka zingapo, kuchokera kumunda mpaka pa boda, koma zambiri mwa izi zimagwiranso pa soya, nandolo ngakhale mpunga.

Poyamba timvetsetsane kaye vuto lake. Dziko lathu pachaka limagulitsa kunja katundu wa madola pafupifupi 1 biliyoni, pomwe zimene timagula kunjako zimafika cha m'ma 3 biliyoni. Mpata umenewo ndi umene mumauona pa mzere wa mafuta, pa mtengo wa thumba la feteleza, ku famase mankhwala akasowa, komanso tsiku lija kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndiye taonani zimene timatumiza: fodya, tiyi, shuga, nandolo, soya, mtedza, makademiya. Zambiri zimatuluka zosakonza kapena zongokonzedwa pang'ono. Belo la fodya limachoka ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, ndudu kukapangidwa kwina, phindu lenileni kutsala komweko. Zimene timaitanitsa ndi zomalizidwa kale, mafuta, galimoto, makina, mankhwala, ndipo mtengo wake amadula ndi eniake. Nanga pa katundu wathu amadula mtengo ndani? Wogula yemweyo. Kuwiri konse ife timangolandira.

Sikuti ndi ife tokha ayi. Ivory Coast ndi Ghana amalima koko oposa theka la koko yense wa padziko, koma makampani akuluakulu a chokoleti ali ku Europe ndi ku America. Germany salima khofi koma ali m'gulu la maiko otumiza kwambiri khofi wokazinga. Alimi a thonje a ku Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali anakadandaula ku bungwe la zamalonda la padziko lonse, WTO, mu 2003 kuti sabuside imene boma la America limapatsa alimi ake ikugwetsa mtengo wa thonje padziko lonse. Ndipo ife tomwe tinalawa mu 2017, India atangoika malire pa nandolo wolowa m'dziko lawo, mtengo ku Zomba, ku Mulanje, ku Chiradzulu unagwa mpaka anthu ena kungousiya m'nyumba kumafumbwa. Msika umodzi, wogula mmodzi, akatseka chitseko ndiye kuti mwagona ndi njala.

Tsopano pali chinthu chimene ambiri sadziwa. Kwa dziko ngati lathu, msonkho wolowera ku Europe kulibe. Kuyambira 2001 EU ili ndi dongosolo lotchedwa Everything But Arms, loti maiko osaukitsitsa atha kulowetsa chilichonse kupatula zida zankhondo popanda msonkho komanso popanda malire a kuchuluka. Britain nayo ili ndi lake lofanana, DCTS, limene linayamba mu 2023. Ndiye mufunsa kuti nanga bwanji mtedza wathu sukudzadza mashopu a ku London? Yankho ndi chuku. Kale m'ma 1970 chalimbana wathu ankapita ku Europe wambiri zedi, koma malamulo a aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku, atakhwima tinagwa m'mbali. Lero mtedza woti anthu adye mwachindunji ku EU sukuyenera kupitirira magawo 4 pa biliyoni, kutanthauza mamiligalamu 4 okha mu tani yonse. Njere zochepa zowola zitha kugwetsa lole yathunthu. Mpanda weniweni uli pamenepo, pa ukhondo, pa kuchuluka kwa katundu ndi pa mapepala, ndiye zimene ndikufotokoza m'munsimu ndi mmene mungaudumphire.

Ntchito imayambira kumunda, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ambiri timagwera pomwepa.

Gwirizanani mtundu umodzi wa mbewu. Wogula wakunja akati akufuna CG7 akufuna CG7, osati thumba limene muli wofiira, woyera, waukulu, waung'ono, zonse pamodzi ngati zotola pamsika. Bzalani ndi mvula yoyamba kuti mtedza ukhwime chinyontho chisanathe m'nthaka, chifukwa ng'amba ya kumapeto ndi imene imalowetsa chuku mtedza udakali pansi. Kumbani pa nthawi yake, mukaswa khoko nkuona mkati mwada, ndipo khasu lisamateme makoko. Mukakumba musaunjike padothi ngati zinyalala. Alangizi amaphunzitsa kusanja kuja amati Mandela cock, mtedza kuloza mkati masamba kunja, pakati nkusiya mpata woti mphepo izidutsa. Mukathothola yanikani pa lona kapena pamphasa.

Chachikulu kwambiri ndi ichi, ndipo ndikupemphani ndi mtima wonse: musawaze madzi pa mtedza pofuna kuswa. Ndikudziwa chifukwa chake, makoko ouma amapweteka zala, ndipo mtedza wonyowa umalemerako pa sikelo. Ndinafikapo pakhomo pa mayi wina membala wathu dzuwa litapendeka, ndinawapeza akuviika tsache mu ndowa nkumawaza pa mulu wa mtedza, atamaliza anafunditsa chiguduli kuti ugone ufewe aswe mmawa. Sanali kuchita mwankhanza ayi, ndi mmene anaonera kwa makolo awo. Koma mtedza umene uja ukalowa mu thumba la pulasitiki nkukhala masabata awiri m'nyumba yotentha, mukamasula mumamva kafungo kachinyontho, njere zina zayamba kaufa kobiriwira m'mphepete, ndipo zina zooneka bwinobwino poizoni ali kale mkati. Kukazinga sikumuchotsa. Ndipo si nkhani ya azungu okha iyi, poizoni ameneyu amaononga chiwindi, ndipo mtedza wokanidwawo ndi umene timasinja nsinjiro nkuthira m'phala la ana athu. Ife tinathetsa vutoli pomagula mtedza wa makoko kwa mamembala, kuswa timaswera pamodzi ndi makina pa malo amodzi. Mtedza umasungika bwino m'makoko, ndiye muziswa oda ikapezeka.

Wouma bwino mumaudziwa, mukagwedeza khoko umalira, mukaluma njere imathoka osati kupindika. Koma wogula sangakhulupirire mano anu, ndiye gulani kamakina koyezera chinyontho, mtedza woswa uzikhala cha pa 7 peresenti. Kenako kusankha ndi manja, kuchotsa zofota, zosweka, zakuda, zoboola tizilombo, timiyala. Ntchito yotopetsa koma ndi imene imatsitsa aflatoxin kwambiri kuposa china chilichonse chimene mungachite mutakolola kale. Matumba asanjidwe pa mapaleti, osagunda khoma, mosadontha.

Mukatero kayezetseni musanalonjeze munthu aliyense. Malawi Bureau of Standards (MBS) amayeza, ku Chitedze nakonso kuli labu. Potenga sampulo musatape thumba limodzi lapamwamba lokongola lija, bayani matumba ambiri, apansi, apakati, akumbuyo, sakanizani, chifukwa chuku sichifalikira mofanana, thumba ili litha kukhala loyera linzake pambali pake loipa. Pepala la ku labu limenelo ndi limene mudzayambire nalo kukambirana mtengo. Popanda ilo mukungopempha chifundo.

Kachiwiri, kuchuluka. Thiraki ya matani 30 ndi matumba 600 a makilogalamu 50. Ngati membala aliyense angabweretse matumba 10 osankha kale, mukufunika anthu 60 okhulupirika, ndipo wogula weniweni safuna ulendo umodzi, amafuna adziwe kuti mwezi wamawa mudzatumizanso, chaka chamawanso chimodzimodzi. Nchifukwa chake munthu payekha zimamuvuta. Vuto la gulu ndi lodziwika kale, venda akafika ndi sikelo yake ndi ndalama m'manja mu May, membala amene akufuna fizi ya mwana sangadikire malipiro a mu August. Musamunyoze, konzekerani. Khalani ndi kathumba koti muzimupatsako gawo tsiku lomwe wabweretsa katundu, kaya kuchokera ku masheya a mamembala, kaya ku banki mkhonde, kaya poika katundu mu nkhokwe yovomerezeka nkulandira lisiti loti mutha kukongolera ndalama, ngati mmene amachitira a ACE, bungwe loyendetsa msika wa zokolola. Lembani m'buku kuti thumba lililonse lachokera kwa ndani, chifukwa lina likadzapezeka loipa mudzadziwa poyambira.

Za kulembetsa sindichedwapo. Kopaletivi imalembetsedwa ku unduna wa zamalonda, kampani ku ofesi ya boma yolembetsa makampani, kenako TPIN, nambala ya msonkho, ku MRA ndi akaunti ya kubanki ya dzina la gululo, osati ya tcheyamani. Pitaninso ku Malawi Investment and Trade Centre (MITC) mukadziwike, ndi ntchito yawo kulumikiza ogulitsa ndi misika, ndipo kukakhala zionetsero zamalonda amadziwa ndi iwo.

Tsopano kupeza wogula. Apa maganizo anga ndi oti musayambire ku Europe. Yambirani pafupi. Mtedza wathu wambiri panopa umapita ku Tanzania, Kenya, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, ndipo dola yochokera ku Harare kapena ku Nairobi ndi dola yomweyo. Tili mu COMESA komanso mu SADC, kutanthauza kuti katundu wolimidwa kuno akakhala ndi chiphaso chosonyeza kochokera amalowa m'maiko ambiri a m'mabungwewa popanda msonkho wa kasitomu. Kwa ochita malonda ang'onoang'ono, pa boda ya Mchinji ndi Mwami pali dongosolo la COMESA lofewetsa mapepala pa katundu wochepa, ndi malo abwino ophunzirira mmene boda imayendera musanaike ndalama zambiri pachiswe. Ngakhale mkati mwa dziko momwemuno muli mafakitale opanga chiponde cha ana onyentchera amene amafuna mtedza woyera ngati wa ku Europe, mukakwanitsa kuwagulitsa amenewo ndiye kuti mwakhoza mayeso oyamba.

Wogula akapezeka, kaya pa chionetsero, kaya pa WhatsApp, kaya kudzera kwa m'bale wanu wa ku Johannesburg, mutumizireni sampulo yofanana ndendende ndi katundu amene muli naye. Musasankhe njere zonenepa zokhazokha za sampulo pomwe mu nkhokwe muli zina, ubale umathera pa ulendo woyamba. Mufunseni alembe zonse zimene akufuna: mtundu, kukula kwa njere, chinyontho, malire a aflatoxin, matumba amtundu wanji, ndipo akayezera kuti, kuno kapena kwawo.

Pa mtengo samalani ndi timawu tatifupi timene amalemba pa invoisi. EXW ndiye kuti wogula akudzatenga yekha pa nkhokwe yanu, zonse za m'njira ndi zake. FOB Beira kapena FOB Nacala ndiye kuti inu mulipira zonse mpaka katundu akwere sitima padoko. CIF ndiye mwalipiranso sitima ndi inshuwalansi mpaka doko la kwawo. Ife tilibe nyanja yamchere, katundu wathu amadutsa Mwanza kapena Dedza kupita ku Beira, kapena njanji ya ku Nacala, kapena Songwe kupita ku Dar es Salaam, ndipo thiransipoti imeneyo imadya gawo lalikulu moti munthu amene waona mtengo wa padziko pa intaneti nkuyamba kuwerengera phindu amadzadabwa. Khalani pansi ndi kope, lembani mtengo wogulira kwa mlimi, zimene zimatayika poswa ndi posankha, aganyu, matumba, labu, kufukiza mankhwala, mapepala, ejenti wa pa boda, thiraki, chiwongola dzanja cha ngongole pa miyezi yonse imene mukudikira ndalama. Zikatsala ndiye phindu. Kwa oyamba kumene ndimalangiza kugulitsira pa nkhokwe kapena pa boda yathu, za padoko mudzazilowa mukazolowera.

Mapepala ake si ambiri ngati mmene anthu amaopera, koma lililonse lili ndi ofesi yake ndiye yambani msanga. Mbewu zambiri zimafuna laisensi yotulutsira kunja ya ku unduna wa zamalonda, ndipo funsani kaye ngati katundu wanuyo sanaletsedwe kutuluka nyengo imeneyo, poti boma limatseka ndi kutsegula malinga ndi zokolola, chimanga ndi soya zakhala zikutsekedwapo. Pakufunika chiphaso cha zaumoyo wa mbewu, phytosanitary certificate, chimene amapereka a nthambi ya kafukufuku wa zaulimi akayendera katunduyo, ndipo nthawi zambiri wogula amayenera kukutumizirani chilolezo cha dziko lake cholowetsera. Pakufunika chiphaso chija chosonyeza kochokera, certificate of origin ya COMESA kapena SADC, invoisi, mndandanda wa katundu, zotsatira za ku labu, ndi fomu ya CD1 imene mumadzaza kudzera ku banki yanu yosonyeza ndalama zimene dziko likuyembekezera kulandira pa katunduyo. Kenako ejenti wovomerezeka amalowetsa zonse mu kompyuta ya MRA. Onetsetsani kuti dzina, kulemera ndi chiwerengero cha matumba zikufanana pa pepala lililonse, kusiyana kwa nambala imodzi kumagoneka thiraki pa boda masiku, dalaivala akuwerengera ndalama yodikira.

Malipiro. Apa ndilankhula ndi chisoni chifukwa zinatigwera. Tinatumiza katundu kwa wogula wina wa dziko loyandikana nalo titangogwirizana pafoni, munthu wolankhula bwino, anati ndalama atumiza katundu akangofika. Katundu atafika anayamba kunena kuti mtedza ndi wonyowa, achotsa gawo la mtengo, ndipo ife tinalibe pepala losainirana, tinalibe sampulo yotsala yoti tikayezetse, katundu ali m'nkhokwe yake kutali. Tinalandira zimene anafuna kutipatsa, patapita miyezi, ndipo ine ndi amene ndinakaima pamaso pa mamembala pansi pa mtengo kufotokoza. Agogo ena anangondifunsa kuti, mwana wanga, nanga feteleza wa chimanga tigula ndi chani? Kuyambira pamenepo lamulo lathu ndi loti kontirakiti isainidwe, dipoziti ilowe ku banki thiraki isanapakire, yotsalayo ilowe katundu asanaoloke kapena mapepala enieni asanaperekedwe. Oda ikakhala yaikulu kambiranani ndi banki za letter of credit, kalata imene banki ya wogula imalonjeza kukulipirani mukapereka mapepala oyenera. Ndipo wina akakuuzani kuti mutumize kaye ndalama yolembetsera kuti akupatseni oda yaikulu, ameneyo ndi wakuba, dulani foni.

Ndalamazo zikuyenera kubwera kudzera ku banki, ndipo lamulo limati gawo lina la madolawo ligulitsidwe pa reti ya boma, mu 2021 Reserve Bank inaika 30 peresenti ndipo chiwerengerochi chimasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndiye funsani ku banki yanu musanawerengere. Ndikudziwa mundiuza kuti reti ya kubanki ili kutali ndi ya mumsewu, ndipo nchifukwa chake matumba ambiri amaoloka usiku pa njinga. Dandaulo limenelo ndi loona ndipo akuluakulu akuyenera kulimva, chifukwa likulanga amene akutsata njira. Komabe amene amadutsa njira zachidule alibe mbiri, sangapite ku Export Development Fund kapena ku banki kukaonetsa kuti ndinatumizapo maulendo asanu ndipatseni ngongole ya makina, ndipo wogula wamkulu sangamuyandikire. Katundu akalandidwa alibenso kodandaula.

Nkhani ya kuwonjezera phindu, yoti tisamangotumiza zosakonza, ndi imene ili pamtima panga, koma ndimaona anthu akuithamangira molakwika. Wina amagula makina a chiponde, mabotolo, zomata zokongola, mtedza wake ndi womwe uja wowaza madzi. Chiponde chimenecho sichingadutse labu iliyonse. Kuwonjezera phindu kuli ndi makwerero: mtedza woswa, wosankha, wogawa masaizi ndi woyezetsa uli kale pamwamba pa wa mu ndowa. Kenako wokazinga kapena wochotsa khungu. Kenako chiponde ndi mafuta, mutapeza chizindikiro cha MBS ndipo malo anu opangira ali oti munthu atha kudzayendera. Ndipo botolo la chiponde kapena la mafuta ophikira lopangidwa kuno likalowa pa shelefu mmalo mwa lochokera kunja, dola imene ikanatuluka yatsala, mpata uja wachepako ngakhale simunaoloke boda.

Anzathu a ku Mozambique ali ndi phunziro lowawa pa izi. Anali ndi mafakitale okonza mtedza wa kashu, koma cha m'ma 1995 anakakamizidwa ndi World Bank kuti amasule kutumiza kashu wosakonza, kashu anayamba kupita ku India waiwisi, mafakitale ambiri anatsekedwa anthu zikwizikwi nkuchotsedwa ntchito. Ndikutchula izi kuti mudziwe kuti zina zimamangidwa m'zipinda zimene mlimi salowamo, ndipo gulu lanu likakula lizilowa m'mabungwe ngati NASFAM, Farmers Union kapena chemba ya zamalonda, kumene mawu a anthu ambiri amafika kwa opanga malamulo. Malamulo atsopano akubwerabe, EU yakhazikitsa lina loti khofi, soya, koko ndi zina zizisonyeza malo enieni a munda kuti sizinalimidwe podula nkhalango pambuyo pa 2020, ndiye a khofi ku Misuku ndi a soya amene mukuyang'ana msika umenewo yambani kulemba GPS ya minda ya mamembala.

Ngati mukuyamba chaka chino, musadikire kukolola. Itanani msonkhano mvula isanathe, gwirizanani kuti mugula wa makoko okhaokha, pezani malona ndi kamakina ka chinyontho, tumizani munthu mmodzi akafunse ku labu mtengo woyezetsa ndi kuchuluka kwa sampulo imene amafuna, wina akayambe za TPIN ndi akaunti. Ulendo woyamba ukhale waung'ono, woti ngakhale zitavuta gulu silingagwe. Ndipo thiraki ikamapakira, tapani pang'ono pang'ono m'matumba osiyanasiyana dalaivala kapena nthumwi ya wogula ikuona, gawani pawiri, ikani m'mapepala apulasitiki nkumata, lembani tsiku ndi nambala ya galimoto, nonse musainepo. Imodzi apite nayo, inayo isungeni pouma mu ofesi mpaka ndalama yomaliza italowa.